Dzalanyama sangaisunge msilikali yekha

Tiyerekeze kuti ndi Loweruka, mwezi uli pakati, m'thumba mulibe kanthu, koma ana akuvutitsa kuti mupite nawo kokayenda. Mumakhala ku Kawale, ku Area 25 kapena ku Chinsapo. Mupita nawo kuti? Malo osangalalirako mu Lilongwe muno alipo ambiri, koma pafupifupi onse ali ndi munthu amene akudikira kuti mugule kanthu. Kumalo omwera mowa mwana sapitako. M'mashopu akuluakulu mumangozungulira n'kumaona zinthu zoti simugula, mlonda akukulondolani ndi maso. Ku Senga Bay ndi makilomita opitirira 100, ndipo mtengo wa mafuta mukuudziwa nokha. Mapeto ake ana amasewera mpira wachikulunga pamsewu wafumbi, akuzinda njinga zamoto, inu muli pakhonde.

Chonsecho mzinda uno si wosauka pa nkhani ya malo. Pakati pa Old Town ndi City Centre pali nkhalango ya mahekitala pafupifupi 180 m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, imene imadziwika kuti Lilongwe Nature Sanctuary. Muli apusi, mbawala, ng'ona, ndipo afisi amene anthu ena amawamva usiku amayenda momwemo. Kufupi ndi Nyumba ya Malamulo kuli munda wa mitengo ndi maluwa wa Botanic Garden. Mukatuluka pang'ono m'tauni muli phiri la Bunda, la Ngala ndi la Nkhoma. Kumwera chakumadzulo, mtunda wa makilomita pafupifupi 60, kuli Dzalanyama, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 99,000 imene imakhudza maboma a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji mpaka kumalire a Mozambique. Nkhalango zotetezedwazi si za munthu kapena kampani. Boma limangozisunga m'malo mwa anthu a dziko lino, ndiye kuti inu ndi ana anu aja muli nazo gawo.

Ganizo langa ndi ili, ndipo ndilinena mosapsatira: malo amenewa akutha chifukwa eni ake sawadziwa. Kwa zaka zambiri boma lakhala likuganiza kuti kuteteza nkhalango ndi kuthamangitsamo anthu. Ine ndikuti nkhalango imene munthu wamba sanaipondemo ilibe woilirira tsiku limene nkhwangwa kapena wogulitsa mapuloti afika.

Umboni wake tinauona mu 2021. Pamene ntchito yokuza msewu wa Kenyatta inayamba, mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewuwo inagwetsedwa, ndipo mzinda unachita phokoso. Pa Facebook panali zithunzi za zitsa, m'manyuzipepala munali madandaulo, m'minibasi anthu ankapukusa mitu. Mitengoyo sinabwerere, koma akuluakulu anakakamizika kuyankha ndi kulonjeza kubzala ina. Anthu anapsa mtima chifukwa ankadutsa pansi pa mitengo imeneyo tsiku ndi tsiku, ankaudziwa mthunzi wake. Ku Dzalanyama mitengo imagwa usiku ndi usana, chaka ndi chaka, ndipo phokoso lotere sindinalimvepo. Si kuti anthu a mu Lilongwe ndi ouma mtima. Ambiri a iwo Dzalanyama amangoimva pawailesi.

Koma ndi nkhalango yomweyo imene imatimwetsa madzi. Mtsinje wa Lilongwe umachokera kumeneko, n'kudzadzaza madamu awiri a ku Malingunde: Kamuzu Dam yoyamba ya mu 1966 ndi yachiwiri ya mu 1989. Madzi a pampopi wanu, a pakiyosiki ya ku Mtandire ndi a m'mahotela a ku City Centre anayamba ngati mvula yogwa pa mitengo ya mombo ndi tsamba ku Dzalanyama. Mitengo ikakhalapo, mvula imalowa pansi pang'onopang'ono ndipo mtsinje umayenda mpaka chilimwe. Ikachoka, madzi amathamanga tsiku limodzi atanyamula dothi, dothilo n'kukakhazikika pansi pa damu, ndipo pofika Okutobala mipopi imayamba kulira mpweya. Atsamunda anaiona mfundo imeneyi kalekale, n'chifukwa chake anaika Dzalanyama m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1922, Lilongwe idakali kaboma kakang'ono kogulitsirapo fodya.

Ndipo kwa Achewa malowa si a madzi okha. Makolo amati ku Kaphirintiwa, m'mapiri omwewa, ndi kumene anthu oyamba ndi nyama anatsikira, mapazi awo n'kudinda pamwala usanaume. Ku Msinja, m'munsi mwa mapiriwo, kunali kachisi wa mvula wa Makewana. Mwana wa Sitandade 6 wa ku Biwi akhoza kuloweza mayina amenewa kuti akhoze mayeso, koma mwayi woti akaone malowo ndi maso ake ndi wochepa kwambiri, ngakhale kuti ndi ulendo wopita m'mawa n'kubwerako madzulo. Zimenezi zimandipweteka kuposa nkhani ya madamu, ngakhale ndikudziwa kuti ya madamu ndi imene ingagwedeze akuluakulu.

Tsono amene amalowa m'nkhalangoyi ndani? Woyamba ndi wootcha makala. Imani pamsewu wa Likuni mbandakucha muone. Njinga zimabwera mondondozana, iliyonse itasenza matumba atatu kapena kuposa, tumba lililonse atalilumikiza ndi timitengo ndi luzi kuti litalike kuposa msinkhu wake. Pachitunda mwini njinga amatsika n'kumakankha, chifuwa chili pahandulo, malaya atanyowa ndi thukuta ngakhale kuli chisanu cha Juni, nkhope ili bii ndi fumbi la makala. Munthu ameneyu Dzalanyama amaidziwa kuposa ofesala aliyense. Amadziwa mtengo umene umatulutsa makala olemera, njira imene alonda sadutsa, ndi mtsinje umene suphwa. Wachiwiri ndi msilikali. Kuyambira mu 2015 asilikali a nkhondo anatumizidwa kukalondera nkhalangoyi, bungwe la Lilongwe Water Board likuthandiza ndi ndalama. Wachitatu ndi mlendo wochokera kunja amene wabwera ndi zoonera patali kudzafuna mbalame za m'nkhalango za mombo zimene kwawo kulibe. Wachinayi, amene amamwa madziwo ndi kugula makalawo, ndiye kulibe.

Ndanena kuti kugula makalawo, chifukwa pamenepa tisanamizane. Matumba aja sapita ku Mozambique. Amabwera m'makhitchini mwathu, mwa aphunzitsi, mwa apolisi, mwa ogwira ntchito ku Capital Hill, ngakhale mwa ife olemba ndemanga. Magetsi akathima, kapena mayunitsi akatha mwezi usanathe, mbaula ndiyo imapulumutsa banja. Lamulo la nkhalango la mu 1997 linakonzedwanso mu 2020 kuti zilango zikhwime, ndipo anthu amangidwadi, njinga ndi magalimoto zalandidwa. Koma makala akadali pamsika uliwonse. Mungamange wonyamula mmodzi lero, mawa mng'ono wake atenga njinga ina, chifukwa wogula akudikira ndi ndalama m'manja. Sindikunyoza ntchito ya asilikali ndi alonda, ena a iwo avulalapo pantchito imeneyi. Ndikungoti mfuti yokha yakhalapo zaka zambiri, ndipo matumba sanasiye kutsika.

Ndikudziwa zimene ena anene. Ati munthu wanjala sakwera phiri, zoyendayenda m'tchire ndi za azungu ndi za anthu okhuta a ku Area 10 ndi Area 43. Mawu amenewa amamveka anzeru, koma amene amawanena sanapite ku Bunda Loweruka m'mawa. Phiri limene lija ndi thanthwe lotsetsereka, lopanda mthunzi wokwanira, koma mumapeza amayi achikulire akukwera chokwawa, chitenje atamanga m'chiuno, Baibulo lili m'kajumbo, botolo la madzi lili m'manja. Pamwamba magulu amakhala motalikirana, ena akuimba, ena atagwada nkhope zili pamwala, ena atagona chifukwa achezera usiku wonse. Akatha kupemphera amakhala pansi n'kumaloza minda, midzi ndi nyumba za sukulu ya zaulimi ya Bunda m'munsimo. Amenewa si okhuta. Anakwera minibasi ndi ndalama yawo yochepa chifukwa akufuna malo apamwamba, a zii, otalikirana ndi phokoso. Onaninso akwati amene amakajambulitsa zithunzi pakati pa mitengo, anyamata ndi atsikana amene amathamanga m'mamawa m'mbali mwa misewu akupuma utsi wa magalimoto, ndi mabasi a ana asukulu amene amaima pa Lilongwe Wildlife Centre, malo osamalirako anyani ndi nyama zina zopulumutsidwa kwa ozembetsa. Ludzu la malo otere lilipo. Ndipo ambiri mwa ife tinakulira kumudzi, kumene kupita kuthengo kukatola masuku, kuzula bowa kapena kusaka mbewa sikunali nkhani. Tauni ndiyo yatitsekera m'mipanda ya njerwa.

Chimene chimaletsa anthu si ulesi ayi. Choyamba ndi mantha. Mayi sangayende yekha m'mbali mwa Lingadzi ngakhale masana, ndipo sindingamuuze kuti ayese. Chachiwiri ndi mayendedwe: ku Dzalanyama opanda galimoto yakeyake amavutika kukafika, ndipo nthawi ya dzinja ngakhale galimoto yaing'ono imagonja. Kwina kulibe chimbudzi, kulibe chikwangwani, kulibe woti n'kumufunsa. Komanso pali manyazi amene sitiwatchula. Munthu akaona geti, mlonda wa yunifolomu ndi magalimoto akuluakulu ataima panja, amangodziuza yekha kuti kumeneko si kwa anthu ngati iye, ngakhale mtengo wolowera wa Mmalawi uli wotsika kuposa wa mlendo. Palibe amene anamuuzapo kuti malowo ndi ake.

Ena ati mukatsekula zipata anthu awononga. Apa pali choona, ndipo sindichizemba. Paphiri la Bunda lomwelo mumapeza mabotolo apulasitiki ndi majumbo atakodwa m'ming'alu ya miyala, ndiponso mayina olembedwa ndi penti pathanthwe. Moto wa kanyenya wosazimitsa bwino mu Seputembala ukhoza kutentha phiri lonse. Koma funsani kuti chawononga kwambiri malo a mumzinda muno n'chiyani. Pamene likulu linkasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, okonza mapulani anasiya dala mipata ya mitengo m'mbali mwa mitsinje ndi pakati pa ma Area, kuti ukhale mzinda wopuma bwino. Pa kalembera wa mu 2018 mzindawu unali ndi anthu 989,318, ndipo mipata ija yakhala ikudyedwa mwakachetechete. Sanaidye ndi ana odzasewera kapena mabanja odzadya nsima pansi pa mtengo. Anaidya ndi okumba mchenga, oumba njerwa, otaya zinyalala usiku, ndiponso anthu ovala masuti amene anapeza pepala losonyeza kuti malo amene dzulo anali bwalo la ana lero ndi puloti yawo. Onsewa amakonda malo opanda anthu. Wakuba nayenso amabisala panjira imene anthu sadutsa. Bwalo limene timu ya m'dera imasewererapo Lamlungu lililonse n'lovuta kuligulitsa, chifukwa tsiku loika bikoni anyamata amabwera kudzafunsa. Madzi a Lingadzi atasefukira ku Mtandire mu 2017 n'kugwetsa nyumba, anthu anati ndi tsoka la mvula, koma gombe la mtsinje limene lasanduka maenje a mchenga ndi maziko a nyumba silingagwire madzi.

Pali gulu linanso limene limati boma lalephera, malo onsewa angoperekedwa kwa mabungwe kapena amalonda. Amaloza Majete, imene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2003 itatsala pang'ono kutheratu nyama, komanso Liwonde ndi Nkhotakota zimene linatenga mu 2015. Amakumbutsa za njovu pafupifupi 500 zimene zinasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017. Zonsezi ndi zoona, ndipo amene anaona Majete kale ndi lero sangatsutse. Koma mankhwala a malo a njovu si mankhwala a nkhalango ya pakati pa tauni. Mpanda wamagetsi ndi malo ogona olipira madola n'zoyenera kumene kuli mikango. Mukachita zomwezo ndi Lingadzi kapena Dzalanyama, mwangomaliza kuchotsa munthu wamba amene anali kale kunja. Ngati boma likufuna kugwira ntchito ndi ena, ligwire, koma m'pangano mulembedwe poyera kuti Mmalawi azilowa masana pamtengo woti wogulitsa tomato akwanitse, ndipo ana asukulu za boma azilowa ulere. Phunziro la ku Kasungu lisaiwalikenso. Njovu 263 zitapititsidwa kumeneko kuchokera ku Liwonde mu 2022, anthu a m'midzi yoyandikana ndi paki ndi amene anataya mbewu, ena n'kutaya miyoyo. Okhala m'mphepete mwa malo otetezedwa ndi amene amasenza mtolo wake, choncho phindu likabwera ayenera kukhala oyamba kuligwira.

N'chifukwa chake ndikamanena zotsekula Dzalanyama sindikunena za hotela. Ndikunena zinthu zazing'ono, zotheka ndi ndalama ngati zimene zakhala zikupita kumeneko. Bungwe la madzi limene linalipira asilikali likhoza kulipiranso basi imodzi Loweruka lililonse, yonyamula ana a sukulu za ku Mchesi, Kauma kapena Mgona, kuwaonetsa damu ku Malingunde, kenako kuwalowetsa m'nkhalango kuti aone pamene madzi amatumphukira. Wowatsogolera akhale munthu wa m'midzi yomweyo, ndipo ngati n'kotheka yemwe uja wa njinga, chifukwa palibe wina wodziwa njira kuposa iye. Amayi a kumeneko agulitse uchi, bowa ndi masuku pachipata mosabisala. Magulu a mipingo, a banki m'khonde ndi a kuntchito amene amasonkha ndalama zopita kunyanja pa Khirisimasi apeze kwina kopita kotsika mtengo. Ndalama yolowera, ngakhale yochepa, gawo lake lizitsala kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi pamaso pa aliyense, osati yonse kupita ku Capital Hill n'kusowa mbiri.

Sindikunena kuti ulendo wa ana asukulu uthetsa makala. Makala adzatha tsiku limene gasi ndi magetsi zidzakhale zotsika mtengo ndi zodalirika kuposa thumba la pamsika, ndipo imeneyo ndi nkhondo ina yaikulu. Koma nkhondo imeneyo imafuna anthu oikankha, ndipo phungu samenyera nkhondo chinthu chimene omuvotera sachitchula. Bambo amene mwana wake wabwera kunyumba akusimba za kasupe amene anamwapo ku Dzalanyama adzamva mosiyana akadzamva pawailesi kuti mbali ina ya nkhalangoyo yaperekedwa kwa munthu. Pakali pano tikukamba zokoka madzi kuchokera kunyanja ku Salima ndi mapaipi a makilomita opitirira 100, pandalama zochititsa mantha. Mwina n'zofunikadi poona mmene mzinda ukukulira, koma n'zomvetsa chisoni kuti chitsime chimene tili nacho kale pakhomo sitikuchilabadira chimodzimodzi.

Za kubzala mitengo ndingonena mwachidule. Nyengo yake imayamba pa 15 Disembala chaka chilichonse, ndipo akuluakulu amaitsegulira atavala magambutsi atsopano, makamera ali tcheru. Pofika Ogasiti mbande zambiri zadyedwa ndi mbuzi kapena zapsa. Mtengo wa mombo umene wakula wokha zaka makumi ambiri sungalowedwe m'malo ndi mbande ya bulugama, ndipo chitsa cha mtengo wachilengedwe chimaphuka chokha mukangochisiya osachitentha. Ndalama ya mwambo wa tsiku limodzi ikanalipira alonda ndi otsogolera alendo kwa miyezi.

M'tauni muno ntchito ndi yapafupi kwambiri. Mtsinje wa Lingadzi umadutsa ku Mtandire, n'kulowa m'nkhalango ija, n'kukathira mumtsinje wa Lilongwe. Kanjira ka oyenda pansi ndi apanjinga kotsata mtsinjewo, kolambulidwa bwino, kokhala ndi alonda masana, mabenchi ndi zimbudzi pang'ono, kangathandize wopita kuntchito, wothamanga ndi banja lofuna mthunzi nthawi imodzi. Zokonza magombe a mitsinje ya mumzinda uno zakambidwa m'misonkhano kambirimbiri, mapulani okongola anajambulidwa, koma munthu wa ku Mtandire akadali kudumpha ngalande za zinyalala. Chofunika si pulani ina. Ayambe ndi kilomita imodzi yokha, aimalize, anthu aiyende, kenako aone ngati wina angayerekeze kumangapo nyumba.

Ndipo zonsezi zisanachitike, pali chinthu chimodzi chosafuna ndalama ya wopereka thandizo aliyense. Khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ndi Unduna wa za Malo atulutse mndandanda wa malo onse amene mapulani a mzinda anawasiya kuti akhale mabwalo, mapaki ndi magombe a mitsinje, Area ndi Area, ndi mapu ake. Aupachike ku Civic Offices, m'misika ndi pa intaneti. Pambali pa malo alionse alembe ngati adakalipo, ndipo ngati anasanduka puloti, alembe chaka chimene zinachitika ndi ofesi imene inasainira. Khansala wa m'dera lanu mukakumana naye kumaliro kapena kutchalitchi, mufunseni kuti mndandanda umenewu utuluka liti.